Tahir Akuyankhula Yekha pa Njanji

Chipoka
14 Januwale 2025

Achemwali a Hasina,

Salamu aleikumu. Ndikhulupirira muli bwino ku Lilongweko. Kuno amayi ali bwino, kupatula bondo lija limene limawavuta kukachita mitambo. Foni yawo inagwera m'madzi akutsuka usipa ndipo sinayakenso, n'chifukwa chake ndalemba kalata. Ndapatsira mayi Dorothy, anzawo a amayi amene amabweretsa nsomba kumeneko. Pa foni ya amalume a Musa sindingakuuzeni zimenezi, chifukwa ukamayankhula iwo amaima pomwepo, dzanja atatambasula kale.

Zotsatira za teremu yatha zatuluka. Masamu, bayoloje ndi zaulimi ndakhoza bwino. Chingerezi ndalephera. Inu mukudziwa kuposa ine kuti pa mayeso a fomu folo ukagwa Chingerezi satifiketi palibe, ngakhale zinazo utakhoza chotani.

Ndikamawerenga ndimamva ndithu. Koma akati lemba chimangirizo, mawu onse amabalalika, ndimangoyang'ana pepala mpaka belu kulira. Aphunzitsi akandiloza m'kalasi, yankho limakhala lilipo m'mutu koma silituluka.

Anzanga a m'kalasi apangana kuti pa holide ikubwerayi adzadzitsekera kusukulu n'kuloweza buku lonse. Ine sindili m'gulu lawo, mukundidziwa, koma mwina ndidzachite zomwezo pandekha.

Amalume anaona lipoti. Anati m'boti mwawo mukusowa munthu mmodzi wokoka ukonde, ndipo usipa sufunsa Chingerezi. Amayi anangopitiriza kusankha mpunga. Ndiuzeni chochita.

Ine mlongo wanu,
Tahir

Area 25, Lilongwe
2 Febuluwale 2025

Tahir,

Waleikumu salamu. Kalata yako inafika ikununkha usipa, moti mphaka wa pasukulu ya mkaka imene ndimaphikira ana ananditsatira tsiku lonse.

Zolowezazo usachite. Ndinachita ine, miyendo nditaviika m'beseni la madzi ozizira kuti ndisagone, ndipo waona kumene zinandifikitsa. Ndinalowa m'mayeso mutu uli tho, koma atandifunsa china chimene sichinali m'buku, ndinangokhala.

Kuno ndimaonerera tiana timeneti. Tianati timabwera tisakudziwa ngakhale liwu limodzi la Chingerezi. Palibe amene amatipatsa buku lalikulu. M'mawa uliwonse kanyimbo, kafunso, kuyankha, basi tikasewere. Chaka chisanathe timakhala tikukangana m'Chingerezi. Inenso ndinayamba kumayankha nawo chamumtima ndili kukhitchini, kenako mokweza, ndipo pano makolo awo ndimayankhula nawo osanjenjemera.

Kumbukira ku madrasa. Kodi amwalimu anatipatsapo sura yaitali ya m'Korani kuti tiimalize tsiku limodzi? Ankatipatsa timizere tochepa, tinene mokweza, mawa tibwereze n'kuwonjezera pang'ono. Mpaka lero sunaiwale.

Chita chimodzimodzi. Tsiku lililonse kanthawi kochepa, kongokwanira kuwiritsa madzi a tiyi. Nena m'Chingerezi zimene ukuona. Dzifunse funso, udziyankhe. Mokweza, osati mumtima, chifukwa lilime nalo liyenera kuzolowera. Madzulo lemba mizere ingapo ya zimene unanenazo. Tsiku limene watopa chita pang'ono, koma usadumphe.

Uwapatse moni amayi, uwauze azipaka mankhwala aja pabondo.

Hasina

Chipoka
27 Febuluwale 2025

Achemwali,

Moni. Tonse tili bwino. Mvula yachuluka, usipa ukukana kuuma pa thandala, ndiye mayi Dorothy akuti sakudziwa kuti anyamuka liti. Kalatayi ndiwasiyira, idzafike pamene idzafike.

Ndinayamba. Pakhomo sindingathe, chifukwa tsiku loyamba amalume atandimva anandiitana kuti mzungu wa ku Chipoka, ana a panyumba yoyandikana n'kuyamba kundiyeserera. Choncho popita kusukulu ndimasiya msewu, ndimadzera pa njanji. Kumeneko kumakhala zii, sitima siidutsa kawirikawiri. Ndimanena za mbuzi, za mpunga umene uli m'madambo, za bambo amene wanyamula makala pa njinga. Ndimadzifunsa ndi mawu aakulu ngati a aphunzitsi, n'kudziyankha ndi mawu anga. Nthawi zina ndikalakwitsa ndimadziseka.

Masiku oyamba ndinkatha ziganizo ziwiri basi, kenako mutu n'kuima. Pano ndimafika pa kamlatho kaja ndisanasowe chonena. Lachiwiri aphunzitsi anafunsa chifukwa chimene anthu amadulira mitengo. Ndinangozindikira dzanja langa lili m'mwamba. Ndinayankha, ndinalakwitsa pamodzi, koma ndinafika kumapeto. Kalasi yonse inatembenuka. Aphunzitsi anandiyang'ana ngati akuona mwana watsopano.

Chimodzi chokha chikundidetsa nkhawa. Amayi ena amene amapita kukapalira mpunga amandipeza pa njanjipo. Poyamba ankandipatsa moni. Pano akandiona amatsika n'kudzera m'munsi, wina amakoka mwana wake. Mwina ndikuganiza zambiri.

Tahir

Chipoka
19 Malichi 2025

Hasina,

Salamu aleikumu. Ramadhani ikuyenda bwino kuno, Alhamdulillah. Kalatayi ndapatsira kondakitala wa minibasi chifukwa nkhani yake siyofunika kudikira, ndipo siyokambira pa foni anthu akumva.

Mlongo wako sali bwino. Anthu akumupeza pa njanji m'mamawa akuyankhula ndi anthu osaoneka. Amafunsa ndi mawu a munthu wamkulu, n'kuyankha ndi mawu ena, manja akuponya uku ndi uku, kenako n'kumaseka. Sindinamve kwa munthu mmodzi. Ine ndemwe ndinamutsatira ndipo ndinaona ndi maso anga. Wawonda, maso afiira, ndipo anzake alibe, zimenezo ukuzidziwa.

Ukumukumbukira Anwar, mwana wa kuseri kwa mzikiti, amene ankakhala nambala wani chaka chilichonse. Anayamba chonchi. Lero akutola mapepala pa depoti ku Salima, mayi ake akulira mpaka pano. Mabuku akachuluka m'mutu mwa mwana wosayankhula, zimatha choncho.

Mayi ako sakugona. Ine monga mwini mbumba ndaganiza kuti ayambe wapuma sukulu, akhale pafupi ndi ine kunyanja, mutu upole. Koma mayi ako akuti sangavomere usananene iwe, poti ndiwe unaphunzira. Yankha msanga kudzera kwa kondakitala yemweyu.

Malume ako,
Musa

Area 25, Lilongwe
21 Malichi 2025

Amalume ndi amayi,

Waleikumu salamu. Ndawerenga kalata yanu ndili chiimire pa siteji. Chilembereni mu Febuluwale, Tahir sanandiyankhe, ndipo ndimadabwa kuti kwagwanji. Ndiye kuti ndi zimenezi.

Chonde musamukalipire ndipo musamumange. Mupite naye kuchipatala akamuone. Ngati mukuona kuti mabuku ndi amene akumusokoneza, ayambe wapuma. Mayeso amabweranso chaka china, koma mlongo ndili naye mmodzi yekha. Ndapempha tchuthi koma akuti mpaka teremu ithe, poti wophika ndili ndekha.

Amayi, limbani mtima. Ndikumupempherera pa swala iliyonse.

Hasina

Chipoka
16 Epulo 2025

Achemwali,

Moni. Idi inadutsa, ndikhulupirira munadya bwino. Mayi Dorothy akuti anyamuka mawa, ndipo ndaona kuti kalata yanga ya mu Febuluwale ikadali m'chikwama chawo. Mulandira ziwiri pamodzi. Muyambe kuwerenga yakaleyo.

Kalata yanu amalume anaiwerenga pabwalo mokweza, ine nditakhala pamphasa. Pamene munati ayambe wapuma anabwerezapo kawiri.

Ndinawafotokozera. Ndinati ndi Chingerezi, ndimayeserera, anandiuza ndi achemwali. Amalume anati nayenso Anwar akamayankhula yekha pa depoti amayankhula Chingerezi chomwecho, ndipo palibe wodwala mutu amene amavomera. Ndinathamangira kukatenga kalata yanu ija kuti aone. Anaiyang'ana pamwamba pokha, n'kunena kuti iyi ndi ya kale, Hasina walemba ina atamva zoona. Ndikakweza mawu ankati mwaona. Ndikakhala chete ankatinso mwaona. Za kuwonda ndi maso ofiira, ndani sawonda pa mwezi wa swaumu, anthu akusala kudya?

Kuchipatala tinapita. Adokotala anandifunsa tsiku, dzina la sukulu ndi zina, ndinayankha zonse. Anati sakuona vuto, koma ngati abale akuda nkhawa ndizipuma mokwanira. Amalume anangomva liwu lakuti kupuma. Kwa ashehe tinapitanso. Anandiwerengera dua, pemphero lopempha chitetezo, n'kundiuza kuti ndinene sura zingapo, ndinanena osaphonya. Anati mwanayu akuoneka bwino, koma Allah ndiye adziwa. Apanso amalume anatola mbali yomalizayo.

Mabuku anga ali m'sutikesi kunyumba kwa amalume. Mayeso oyeserera anzanga alemba ine ndikukoka ukonde. M'manja mwanga mwatuluka matuza, koma zimenezo si kanthu. Chimene chikundiopsa ndi ichi. Dzulo ndili ndekha kuseri kwa boti ndinayesa kunena chamumtima zimene ndinkaona, ndipo mawu amene ndinkawatchula mosavuta pa njanji ndinachita kuwafunafuna. Akuchoka mmene anabwerera, pang'onopang'ono. Mokweza sindingayese. Ana amanditsatira kuti amve ngati ndiyambenso, ndipo ena ayamba kunditcha Anwar wamng'ono.

Tsiku lina ndinamuona Anwar weniweniyo titapita ku Salima kukagula ulusi wa ukonde. Ndinaima n'kumamumvetsera. Amalume anandikoka mkono mwamphamvu, ndipo nditawayang'ana ndinaona kuti sakunamizira, akuopadi. Zimenezo zinandiwawa kuposa kundiseka kuja.

Dzina langa lilipo kale pa olemba mayeso. Ahedi anatuma mwana kudzafunsa, amalume anayankha kuti ndikudwala. Munandiuza kuti ndisadumphe tsiku. Ndadumpha mwezi, ndipo amene anavomereza ndinu.

Tahir

Area 25, Lilongwe
19 Epulo 2025

Amayi,

Kalatayi ndi yanu nokha. Ndawapempha mayi Dorothy kuti akuwerengereni iwowo, muli awiri.

Tahir sakudwala. Zimene ankachita pa njanji ndinamuuza ndine. Amalume m'kalata yawo sanatchule kuti ankayankhula Chingerezi, ndipo kalata ya Tahir yofotokoza zonse yandipeza dzulo. Ndinayankha ndili ndi mantha, ndisakudziwa chimene ndikuyankha.

Ndawaimbira amalume. Akuti ndinalemba ndekha ndi dzanja langa, ndipo pano ndikusintha chifukwa mwanayo wandinyengerera. Akutinso chiyambireni kupita kunyanja sanayankhulenso yekha, ndiye kuti mankhwala ake ndi omwewo. Mayunitsi anatha tisanamvane.

Amayi, chiyankhulo sichilowa munthu atatseka pakamwa. Mukukumbukira mmene tinkabwerezera za ku madrasa pakhonde, inu mukutikonza pamene talakwitsa ngakhale simunkaona pa buku? N'chimodzimodzi. Kusiyana kwake n'kwakuti iye analibe womumvetsera, ndiye anadzisandutsa anthu awiri.

Ine ndinagwa Chingerezi, ndipo ndikuphika phala la ana a eni. Sindikudandaula, koma Tahir mutu wake ndi wina. Amalume ndi alongo anu, inu nokha ndi amene mungawayankhe. Nthawi yatsala pang'ono.

Mwana wanu,
Hasina

Chipoka
4 Meyi 2025

Hasina mwana wanga,

Akulemba ndi mayi Dorothy, mawu ndi anga. Bondo likadali chomwecho.

Ndamva zonse. Andiwerengera kawiri. Koma iwe uli kutali, sunaone mmene amayi a pano amandiyang'anira ndikapita kumjigo. Mayi ake a Anwar anabwera okha kudzandipepesa, atandigwira manja onse awiri. Anandiuza kuti iwonso poyamba ankati mwana akungowerenga. Ukuti ndiwayankhe amalume ako. Nanga ndikawayankha, mwanayo n'kubwerera ku mabuku, kenako n'kupezeka kuti Musa amanena zoona, ndidzalowera kuti? Chichokereni bambo ako, amene amatiyang'ana pakhomo pano ndi Musa yemweyo. Si munthu woipa.

Komanso ndikumuona Tahir. Chiyambireni kupita kunyanja akudya, akugona, koma nkhope yake yazima. Kale ankabwera kusukulu ali ndi kanthu m'maso ngakhale sankanena. Pano akangofika amayang'ana khoma.

Ine Chingerezi sindichidziwa, sindingasiyanitse cha munthu wabwino ndi cha wodwala. Koma mwana wanga ndimamudziwa. Ndaganiza kuti ndimumve ndekha, osati zomva kwa anthu a kumpunga. Ndikamumva ndidzadziwa chochita. Usandifulumize.

Mayi ako

Hasina, pano ndikulemba ndine Dorothy. Kalata ija inachedwa m'chikwama mwanga, mvula ndi imene inandimanga miyendo, undikhululukire. Ine ndinawauza mayi ako kuti kwathu kutchalitchi abusa amayeserera ulaliki ali okha kuseri kwa nyumba, manja akuponya, koma palibe anawatengerapo kuchipatala. Sanaseke.

Chipoka
25 Meyi 2025

Achemwali,

Salamu aleikumu. Ndinakulemberani mokwiya ulendo watha. Zina ndinanena zoona, koma mundikhululukire mmene ndinazinenera.

Tsiku lina m'mawa amayi anandiitana ku thandala kumene ankayanika usipa. Anati ndiyankhule zija ndinkayankhula pa njanji, koma ndiyankhule kwa iwo. Ndinachita manyazi kuposa m'kalasi. Pathandala pamakhala anthu, ndipo onse anasiya zimene ankachita. Ndinayamba ndi mawu otsika, amayi anati sakumva. Ndinakweza. Ndinanena kuti awa ndi amayi anga, akuyanika nsomba, dzuwa latuluka, bondo lawo likuwawa. Zinatuluka zokhotakhota, lilime linali lolemera ngati la munthu wodzuka kumene.

Anandifunsa kuti ndati chiyani. Ndinawamasulira. Anati za bondozo ndisamauze anthu, ndinene zina. Amayi a pathandala loyandikana anaseka, koma kunali kuseka kwina.

Kenako anati, pa njanji paja unkafunsa mafunso, ndifunse ine. Ndinawafunsa m'Chingerezi kuti nsombazi agulitsa kuti. Iwo osamva kanthu anayankha m'Chichewa kuti ayi, sanadye, adya masana. Ndinaseka mpaka misozi. Anandiyang'anitsitsa nthawi yonse imene ndinkasekayo, osaphethira, ndipo ndinadziwa kuti akuyeza kusekako. Pomaliza anangoti mawa ubwerenso.

Takhala tikuchita choncho m'mawa uliwonse, kanthawi kochepa, mpaka amalize kuyala dengu limodzi. Ine ndimafunsa, iwo amayankha zimene akufuna. Anthu anatopa nafe, pano sationereranso.

Lolemba lapitali amalume anabwera pomwepo kudzanditenga kuti tikasoke ukonde. Anatipeza ndili pakati pa chiganizo. Anati, "Mwaona, chemwali? Zayambiranso."

Amayi sanadzutse mutu. Anati, "Akuyankhula ndi ine."

"Inu mukumva chiyani pamenepo?"

"Palibe chimene ndikumva. Koma akafuna mawu amayang'ana kumwamba, akawapeza amandiyang'ana ine. Anwar sayang'ana munthu. Ndinapita ku Salima, ndinakakhala naye pafupi."

Zimenezo sindinkazidziwa. Amalume anati zikadzavuta asadzaitanidwe. Amayi anati adzaitanidwa ndithu, chifukwa mlongo wawo ndi iwowo, palibe wina, koma sutikesi ija ibwere lero. Inabwera madzulo, anatuma mwana. Chiyambire tsikulo amalume sanapondenso pakhomo pano, ndipo usipa wa m'boti mwawo umene ankawasungira amayi pano akupatsa ena. Amayi akukagula kwa anthu achilendo, akumadzuka m'bandakucha ndi bondo lawo lija.

Kusukulu ndinabwerera Lachiwiri. Ahedi anandilandira, koma anandiuza mosabisa kuti ndatsalira kwambiri. Anzanga amene anadzitsekera pa holide aja ali ndi zimangirizo zoloweza, amazinena ngati nyimbo. Ine ndilibe ngakhale chimodzi. Lachinayi tinapatsidwa mutu woti tilembe za msika. Sindinayang'ane pepala mpaka belu ngati kale. Ndinalemba tsamba limodzi ndi theka. Labwerako lili lofiira ndi inki ya aphunzitsi, ndipo malikisi ake ndi ongokwanira kukhoza, osaposa.

Sindikudziwa ngati zikwanire pofika tsiku la mayeso. Masabata amene ndinataya aja sabwerera, ndipo ndikagwa, amalume sadzafunika kunena kanthu, mudzi wonse udzawanenera. Amayi akudziwa zimenezi. Lero m'mawa ndinawauza kuti mwina ndilephera, ndipo adzakhala atayambana ndi alongo awo pachabe. Anapitiriza kuyala usipa. Anati, "Zimenezo unene m'Chingerezi, dengu lisanathe."

Ndinanena, achemwali. Ndinalakwitsa, ndinabwereza, ndipo ndinafika kumapeto.

Mlongo wanu,
Tahir